Ubongo wa mwana umayamba mayi asanadziwe kuti ali ndi pakati

Ndine mphunzitsi wa Biology pasukulu ina ya sekondale m'boma la Thyolo. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa ndi chotupa kumunsi kwa msana, chimene madokotala amachitcha spina bifida. Ndikulembera amayi ndi atsikana amene akuganiza zodzakhala ndi mwana, amuna awo, komanso makolo amene panopa akulera mwana ngati wanga.

Pakati panga panalibe chododometsa chilichonse. Sikelo ndinayamba mwezi wachinayi, monga amachitira amayi ambiri kwathu kuno. Munthu sathamangira kuulula kuti ali ndi pakati, ena poopa anthu oipa mtima, ena pofuna kutsimikiza kaye. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Kusikelo anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi aja, ndipo ndinkamwa tsiku ndi tsiku osaphonya.

Mwana atabadwa, mzamba sanandipatse kuti ndimuyamwitse msanga. Anamugoneka chafufumimba, n'kuphimba pamsanapo ndi kansalu koyera konyowa, kenako anatiuza kuti tikuyenera kupita ku Gulupu, ku Blantyre. Kumeneko anamuchita opaleshoni yotseka chotupacho. Patapita masabata angapo mutu unayamba kukula mofulumira, liwombo linatukuka n'kulimba, maso ankangoyang'ana pansi. Tinabwereranso, ndipo anamuika kapaipi kotchedwa shunt, kamene kamachotsa madzi m'mutu n'kuwatsitsira m'mimba.

Apongozi anga aakazi ndi munthu wabwino, ndipo ndi iwo amene anandidikirira kuchipatala, kugona pasimenti usiku wonse. Koma mtima wawo sunavomere kuti zimenezi zangochitika. Tsiku lina anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Mwananga, taganizirani bwinobwino. Palibe chimene munadumpha panjira muli ndi mimba ija? Nanga bambo akewa anadzisunga?" Ankafunanso kuti paliwombo tipake mankhwala achikuda. Amuna anga anakana mwaulemu, koma funso lija linatsala m'nyumba, ndipo aliyense ankaliyankha mumtima mwake.

Amene anatimasula ndi dokotala wina wachinyamata wa mu wodi ya ana. Anandifunsa ntchito yanga, nditamuuza anatenga pepala n'kujambula kapaipi. Anati, "Mayi, vutoli linachitika musanadziwe n'komwe kuti ndinu oyembekezera. Chilichonse chimene munadya, kumene munayenda, kapena chimene bambo anachita mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chiwiri, sichikukhudzana ndi zimenezi." Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga chilichonse chimene ndikanapeza chonena za momwe ubongo umapangikira. Ine amene ndimaphunzitsa za maselo chaka ndi chaka ndinapeza kuti buku lathu la kusukulu limadutsa nkhaniyi ndi mizere iwiri yokha.

Zimayamba chonchi. Pafupifupi tsiku la 18 kuchokera pamene dzira la mayi lakumana ndi umuna, kamwana kamakhala kakadali kathyathyathya, kosakwana mamilimita 2. Kumsana kwake kagawo kena ka maselo kamakhuthala, m'mbali mwake mumatukuka n'kupindikira mkati mpaka mbali ziwirizo zitakumana. Zikalumikizana pamapangika kapaipi kotchedwa neural tube. Kumtunda kwa kapaipiko ndiko kudzakhale ubongo, kotsalako kudzakhala mtsempha waukulu wodutsa mumsana. Kutsekekaku kumayamba cha pa tsiku la 22, kumtunda kumatha cha pa tsiku la 25, kumunsi cha pa tsiku la 28. Kumtunda kukapanda kutsekeka mwana amabadwa wopanda mbali yaikulu ya ubongo ndipo sakhala ndi moyo. Kumunsi kukapanda kutsekeka ndiyo spina bifida. Tsono tsiku la 28 limakwana patangopita masabata awiri kuchokera pamene mayi amayembekezera kusamba koma osasamba. Panthawi imeneyo amayi ambirife timakhala tikungoti mwina wachedwa chabe mwezi uno.

Khoma la kapaipi kameneka ndi mzere umodzi wa maselo aataliatali, ndipo maselo amenewa ndiwo amake a ubongo wonse. Asayansi amawatcha neural stem cells. Poyamba sapanga maselo a ubongo enieni, aja otchedwa ma neuron. Amangodzichulukitsa: limodzi ligawikane kukhala awiri ofanana, awiriwo akhale anayi, osapuma. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti nyukiliyasi ya selo lililonse, kachigawo kosunga DNA yomwe ndi malangizo a chibadwa, siikhazikika pamodzi. Imakwera kupita kumbali yakunja ya khomalo, kumeneko n'kukopera DNA yake, kenako imatsikira mkati, kufupi ndi madzi a m'kapaipimo, ndipo ndi pomwepo pamene selo limagawikana. Zimenezi zinaonedwa koyamba mu 1935, ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono amene lero tingawaseke.

Apa ndi pamene folic acid amalowera. Selo silingagawikane lisanakopere DNA yake yonse, ndipo thupi silingapange zina mwa zomangira DNA popanda vitamini ameneyu. Ziwalo zimene maselo ake akugawikana mothamanga ndizo zimayamba kuvutika akaperewera, ndipo m'sabata yachinayi maselo a m'mphepete mwa kapaipi kaja amakhala akugawikana mothamanga kwambiri. Mapiritsi amene ndinkamwa mwezi wachinayi anali othandiza pa magazi anga ndi kukula kwa mwana, koma za kapaipiko zinali zitatha kalekale.

Cha m'sabata ya 6 kapena ya 7 maselo amake aja amasintha khalidwe. Khoma likamakhuthala, selo lililonse limatalika, phazi lake likugwirabe mkati, ulusi wake wautali ukukafika kunja kwenikweni kwa ubongo. Akafika pamenepa amatchedwa radial glia. Kugawikana kwake kumasinthanso: pa ana awiri obadwa, mmodzi amakhalabe selo lamake, winayo amakhala neuron, kapena amakhala selo lapakati limene limasunthira pamwamba pang'ono n'kugawikananso kuti litulutse ma neuron awiri kapena kuposa. Maselo oyandikana amatumizirana uthenga kudzera m'njira yotchedwa Notch, ndipo selo limene layamba kusanduka neuron limauza mnzake kuti iwe dikira kaye. Kudikirako n'kofunika zedi. Maselo amake akafulumira kusanduka ma neuron onse nthawi imodzi, otsala ogawikana amachepa, ndipo ubongo umatha uli waung'ono.

Neuron yobadwa kumene imakhala pansi, pomwe ntchito yake ili pamwamba, choncho imakangamira ulusi wautali uja n'kuyamba kukwera. Pasko Rakic ndiye anasonyeza zimenezi mu 1972 pophunzira ubongo wa anyani osabadwa. Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankaganiza kuti radial glia ndi makwerero chabe, ndipo ma neuron amabadwa kwa maselo ena. Mu 2000 gulu la Magdalena Götz ku Germany, ndipo mu 2001 gulu la Arnold Kriegstein ku America, anasonyeza kuti makwererowo ndiwo amakenso. Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti aganize za mmisiri womanga khoma amene amaumba yekha njerwa, thupi lake lomwe ndilo makwerero, ndipo njerwa iliyonse yatsopano imakwera yokha kudutsa mizere yomwe yaikidwa kale n'kukakhala pamwamba pake. Ndi momwemo ndithu: chikuto cha ubongo, kutanthauza gawo lakunja la ubongo weniweniwo, chili ndi mizere 6, ndipo ma neuron oyamba kubadwa amakhala mumzere wapansi kwambiri, omaliza amadutsa onsewo n'kukakhala kunja. Angevine ndi Sidman anaziona zimenezi pa mbewa mu 1961. Pamwamba penipeni pali maselo ena otulutsa puloteni yotchedwa reelin, imene imathandiza neuron kudziwa potsikira. Mbewa zosowa reelin mizere yake imasokonekera, pafupifupi kutembenuka, ndipo zimayenda dzandidzandi.

Mbewa imamaliza ntchito yonseyi pafupifupi sabata imodzi, kuyambira cha pa tsiku la 11 mpaka la 17 la bere lake la masiku ngati 20. Munthu amatenga miyezi, ndipo ma neuron ambiri a chikuto cha ubongo amakhala atabadwa pofika pakatikati pa mimba. Mu 2010 asayansi anapezanso kuti mwa munthu muli gulu lachiwiri la maselo amake amene amasiya khoma lamkati n'kukakhala pamwamba pang'ono, kumene amapitiriza kugawikana. Mwa mbewa maselo otere ndi ochepa, mwa anyani ndi mwa anthu ndi ochuluka, ndipo akuti ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ubongo wathu uli waukulu ndi wamakwinya. Pamapeto pake munthu wamkulu amakhala ndi ma neuron pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ngati 16 biliyoni mwa amenewa ali m'chikuto chija.

Umboni wowawa wa kufunika kwa maselo amakewa unaoneka ku Brazil mu 2015 ndi 2016, pamene kachilombo ka Zika, kofalitsidwa ndi udzudzu, kanachititsa kuti ana ambiri abadwe ndi mitu yaing'ono. Ofufuza anapeza kuti kachilomboko kamalowa m'maselo amake a ubongo, kuwapha kapena kuwaletsa kugawikana. Selo limodzi lamake likafa msanga, ma neuron onse amene likanabereka sabadwa.

Funso limene linkasautsa apongozi anga linali lakuti, chotupa chili pamsana, nanga mutu ukukuliranji? Kwa iwo umenewu unali umboni wakuti pali munthu amene akutsatira mwanayo. Yankho lake lili m'kapaipi komweko. Mphako ya mkati mwa kapaipi siitha, imasanduka zipinda za mkati mwa ubongo momwe mumapangidwa ndi kuyenda madzi oteteza ubongo ndi msana. Maselo amake akamaliza kubereka ma neuron amayamba kupanga maselo othandizira, ndipo ena amasanduka chikuto cha zipindazo, chokhala ndi ticheya timene timakankha madzi. Kumunsi kukakhala kotseguka, madzi amatayikira pamenepo mwana ali m'mimba, mbali yakumunsi ya ubongo imatsikira chakukhosi n'kupanikiza njira ya madzi. Madzi akasowa kolowera amadzaza m'zipinda, ndipo popeza mafupa a mutu wa khanda sanagwirane, mutu umakula. N'chifukwa chake ana ambiri obadwa ndi chotupa chotseguka amadzakhalanso ndi vuto la madzi m'mutu. Ndinawajambulira apongozi pansi ndi kamtengo. Sananene kuti avomera, koma za mankhwala a paliwombo sanazitchulenso.

Titaganiza zokhala ndi mwana wachiwiri ndinapita kaye kuchipatala ndisanasiye kulera. Mayi amene anaberekapo mwana wa vutoli amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa anzake, pakati pa 2 ndi 5 pa 100, chakuti zibwerezenso. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi bungwe la Medical Research Council la ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anasonyeza kuti mwa amayi otere folic acid wa 4 mg patsiku, woyamba mimba isanayambe, amachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 pa 100. Ine anandilembera wa 5 mg, kuyamba miyezi ingapo ndisanatenge pakati mpaka sabata ya 12. Mayi amene sanakumanepo ndi vutoli safunika wochuluka choncho: bungwe la WHO limati 0.4 mg patsiku, kuyambira pamene wayamba kufuna mwana mpaka sabata ya 12.

Pali kanthu kamodzi kamene kamatikhudza ife a kudera la malungo. Fansida amene timapatsidwa kusikelo kuyambira mwezi wachinayi amagwira ntchito potsekereza folate (dzina la vitamini yemweyu m'chilengedwe) m'tizilombo ta malungo, ndiye folic acid wa 5 mg amamufooketsa. Choncho sabata ya 12 itakwana ndinasiya wa 5 mg n'kubwerera ku mapiritsi wamba owonjezera magazi, amene folic acid wake ndi wochepa, kenako n'kuyamba Fansida. Mukakhala pa mlingo waukuluwo, auzeni anamwino akusikelo, musaganize kuti aona okha m'buku. Mwezi wachisanu anandiunika ndi sikani n'kuona kuti msana wa mwana ndi wotsekeka. Mnyamatayo anabadwa bwinobwino. Sindikunena kuti piritsi limatseka khomo lonse, chifukwa 72 si 100, ndipo zina zimachokera kumtundu. Koma ndi lotchipa kwambiri, ndipo m'mafamase ambiri limapezeka.

Chimene chimandinyansa n'chakuti uthenga umenewu timaupereka pamalo olakwika. Timauza amayi za folic acid kusikelo, pomwe mayi wofika kusikelo wadutsa kale tsiku la 28. Malo ake enieni ndi kuchipinda cha kulera. Mayi akabwera kudzachotsetsa kapamkono, kapena akanena kuti jakisoni wa mwezi uno sabayitsa chifukwa akufuna mwana, ndi nthawi yomweyo yomuika mapiritsi m'manja. Ankhoswe ndi alangizi a kutchalitchi amene amalangiza achinyamata asanalowe m'banja akhozanso kunenako, sizitenga mphindi ziwiri. Maiko ena anathana nazo pothira folic acid mu ufa. America inayamba mu 1998. South Africa inayamba mu 2003, ndipo ana obadwa ndi mavuto a kapaipi kaja anachepa ndi pafupifupi 30 pa 100. Kwathu kuno lamulo lothira mavitamini mu ufa wa m'mafakitale lilipo, koma ndi angati amagula ufa wa m'sitolo? Ambirife timasenza chimanga chathu kupita kuchigayo, ndipo ufa umenewo mulibe chothiridwa. Nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, bonongwe, nkhwani ndi mapeyala zili ndi folate, makamaka ndiwo zamasamba zikapanda kuwiritsidwa mpaka kufiira, koma chakudya chokha nthawi zambiri sichifika pa mlingo woteteza. Idyani ndithu, koma piritsi musalisiye.

Palinso zina zimene zimasokoneza ntchito ya maselo aja. Mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate amawonjezera kwambiri chiopsezo cha spina bifida. Mayi womwa mankhwalawa asasiye yekha, chifukwa kugwa khunyu uli ndi pakati n'koopsanso, koma akambirane ndi dokotala asanatenge mimba kuti aone ngati angamusinthire. Matenda a shuga osasamalidwa amawonjezera chiopsezo, chimodzimodzi kutentha thupi kwambiri m'masabata oyambirira, ndiye malungo si odikira nawo kunyumba. Mowa umapha maselo ogawikana ndi kusokoneza ma neuron pa ulendo wawo wokwera, ndipo izi sizisankha kachasu, masese kapena wa m'botolo. Mchere wa ayodini nawo ndi wofunika, chifukwa ubongo wa mwana umadalira mahomoni a chithokomiro cha mayi, makamaka miyezi yoyambirira.

Kwa inu amene mwana wabadwa kale ndi chotupa, musachibowole, musachipake chilichonse, ndipo mwana asachigonere. Chiphimbeni ndi nsalu yoyera ndipo fikani kuchipatala chachikulu msanga, chifukwa ngati n'kotheka chimayenera kutsekedwa m'masiku awiri kapena atatu oyambirira tizilombo tisanalowe. Pemphani kuti aziyeza mutu ndi tepi nthawi iliyonse mukapita kusikelo ya ana, si kulemera kokha. Pa vuto la madzi m'mutu pali shunt, palinso opaleshoni ina yoboola kanjira mkati mwa ubongo popanda kusiyamo kapaipi, imene Benjamin Warf anaikonza bwino akugwira ntchito ku Mbale, m'dziko la Uganda. Siyenera mwana aliyense, koma funsani dokotala. Mwana wa shunt akayamba kusanza, kugona kwambiri mosadzutsika bwino, kulira modabwitsa, liwombo kutukuka, kapena wamkulupo akamadandaula mutu, musayambe mwamupatsa panado n'kudikira mawa. Shunt imatha kutsekeka, ndipo ikatero ndi nkhani ya tsiku lomwelo.

Miyendo ndiyo anthu amaiona, koma chimene chimapha ana ambiri a spina bifida mwakachetechete ndi impso. Mitsempha yolamulira chikhodzodzo imachokera kumunsi kwa msana komwe kunavulalako, ndiye mkodzo sutuluka wonse, umabwerera ku impso n'kuziwononga. Anamwino anandiphunzitsa kutulutsa mkodzo ndi kapaipi koyera kangapo patsiku. Poyamba manja ankanjenjemera, pano ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo amuna anga nawonso anaphunzira kuti mwana asamadalire ine ndekha. Mapazi ake samva kupweteka, choncho madzulo aliwonse timawayang'ana ngati pali chilonda, ndipo sitimusiya pafupi ndi mbaula kapena pasimenti yotentha. Phazi lake lina linali lopindika, ndipo analiwongola ndi pulasitala akadali khanda.

Mtsikana wanga tsopano ali kupulayimale. Amayenda ndi ndodo ziwiri, amalankhula kuposa tonse m'nyumba muno, masamu amamuvutako, zimene zimachitika kwa ana ambiri amene anakhalapo ndi madzi m'mutu. Tisanamulembetse ndinapita kukakhala pansi ndi aphunzitsi aakulu, ndipo sitinakambe za maphunziro koma za chimbudzi. Tinagwirizana kuti azimulola kutuluka pa nthawi yake yotulutsa mkodzo osapempha pamaso pa anzake, kuti pakhale kachipinda kotsekeka ndi ndowa ya madzi ndi sopo, komanso kuti mphunzitsi wa kalasi yake adziwe zizindikiro za shunt yotsekeka ndi nambala yanga ya foni. Chaka chilichonse akasintha kalasi ndimapitanso kukafotokozera mphunzitsi watsopanoyo kuyambira pachiyambi.